Injini Ikanoka pa Chezi, Alipire Ndani?

Lero tikamba za injini, komanso za ndalama zokonzera injini ikafa, kuti zichoke m'thumba la yani.

Msewu wochoka ku Salima kupita ku Lilongwe ndi woyesa galimoto. Ukachoka kuchigwa chotentha cha kunyanja umayamba kukwera, kudutsa ku Mvera, kukhotakhota m'mapiri a Dowa mpaka pa Chezi, ndipo pofika apo galimoto imakhala itakwera mamita oposa 500 kuchokera kumene inanyamukira. N'chifukwa chake m'mitunda imeneyi si zachilendo kuona nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu, kutsogolo kwake Sienta kapena kalole kataima, boneti ili yasa, nthunzi ili tolotolo, kondakitala atathamanga ndi chigubu kukasaka madzi. Amayi a geni ya nsomba ali pansi pa mtengo, maso ali padzuwa, mtima uli pa katundu wawo.

Zikatero chigamulo sichichedwa. Mwini galimoto amati dalaivala ndi wosasamala, sanayang'ane madzi m'mawa. Dalaivala amaloza makaniko amene anaigwira sabata yatha. Makaniko amati vuto ndi oyilo wotchipa amene abwana amakonda kugula. Pena pamatulukanso wina wonong'ona kuti galimotoyi anthu ansanje aiponda. Tisabise, nthawi zambiri mmodzi mwa atatu oyambawo amakhaladi ndi mlandu. Koma pabwalo limeneli pali munthu amene sitimuitana n'komwe, amene anapanga injiniyo. Timayesa kuti chochokera kufakitale ya ku Japan, ku Germany kapena ku Korea sichingabadwe ndi chilema. Chimabadwa nacho ndithu, ndipo makampaniwo amavomera okha chaka ndi chaka.

Zimayenda chonchi. Kampani ikazindikira kuti magalimoto a mtundu wakuti, opangidwa kuyambira mwezi wakuti kufika mwezi wakuti, anatuluka ndi vuto loika moyo pachiswe, malamulo a maiko ambiri amaikakamiza kulengeza, kulembera eni ake makalata, ndi kuwaitana kuti abweretse magalimotowo akonzedwe ulere. Pamapepala a makampani amalemba kuti recall, ndipo mawu amenewa muwasunge chifukwa muwafuna pofufuza. Ku Japan dongosolo ili lilipo kuyambira 1969, ndipo limayang'aniridwa ndi unduna wa za mtengatenga. Kuitanitsa kotereku n'kosiyana ndi waranti, imene imatha pakapita zaka zingapo kapena makilomita akuti. Iko kumatsata galimotoyo, kaya ili m'manja mwa amene anaigula yatsopano kaya mwa munthu wachinayi.

Povuta ndi apa. Kampani ikamalengeza imatchula kachipangizo kamodzi: paipi ya madzi, pampu ya mafuta, sipuling'i ya mavavu. Kameneko ndiko imalonjeza kusintha. Koma kachipangizo kakang'ono kakalephera ntchito galimoto ili pamtunda, sikafa kokha, kamapita ndi injini yonse. Ndiye munthu amafika kugalaja ya kampani ndi injini yonoka, iwo n'kumuuza kuti paipi tikusinthirani ulere, koma za injini muona nokha. Mlandu wonse umagona pamenepo, kuonetsa kuti paipi ija ndiyo inapha injini, osati dalaivala.

Nkhani yapafupi kwambiri ndi ife inachitikira ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali pantchito, ena mwa iwo madalaivala ndi amakaniko. Kumeneko Ford inkagulitsa galimoto yotchedwa Kuga, ya injini ya malita 1.6. Magalimoto amenewa anayamba kuyaka moto pamsewu, lero iyi, mawa ina, anthu n'kumajambula pafoni ndi kuika pa Facebook. Mu December 2015 bambo wina anafera m'Kuga yake itayaka ku Wilderness, m'chigawo cha Western Cape. Kampani inanena kuti moto umenewo sunayambire kuinjini, koma abale a malemuyo sanagone, ndipo phokoso lawo ndilo linachititsa kuti dziko lonselo liyambe kuwerenga magalimoto oyaka.

Pa 16 January 2017, bungwe loteteza ogula la National Consumer Commission litaipanikiza, Ford inaitanitsa ma Kuga 4,556 opangidwa pakati pa December 2012 ndi February 2014. Tamvani chimene chinkachitika m'katimo, chifukwa dalaivala aliyense wa pamsewu wathu uno achizindikira. Madzi oziziritsa injini sankazungulira bwino. Injini inkatentha mopitirira, mutu wake uja amakaniko amati silinda hedi n'kung'aluka, oyilo n'kutulukira pamng'alupo kugwera pazitsulo zotentha, moto buu. Chikhala kuno bwenzi titati galimoto yawira, dalaivala sanathire madzi, n'kumuchotsa ntchito tsiku lomwelo.

Chimene chimandiwawa pankhaniyi ndi kuchedwa kwake. Ku America galimoto yomweyi, imene kumeneko amaitcha Escape, ya injini yomweyinso, inali itaitanitsidwa kale mu 2012 ndi mu 2013 chifukwa cha kutentha ndi kuopa moto. Wa ku Johannesburg anadikira mpaka 2017. Tsono ngati anadikira chotero munthu amene anagula galimoto yatsopano kwa ogulitsa ovomerezeka, m'dziko limene Ford ili ndi fakitale yake ku Pretoria, nanga wa ku Ntchisi ali pati pamzerewu? Mapeto ake, mu November 2019 Ford inavomera kulipira chindapusa cha marandi 35 miliyoni, ndipo amene Kuga yake inayaka anapatsidwa mwayi wolandira marandi 50,000 kapena kukaonetsa umboni wakuti anataya zoposa pamenepo. Sindikhulupirira kuti chinatulutsa ndalamazo ndi chifundo. Eni magalimoto anagwirizana, anasunga zithunzi ndi makalata, atolankhani sanaisiye nkhaniyo, ndipo kunali bungwe la boma lokhala ndi mano.

Ina ndi ya Hyundai ndi Kia, ndipo iyi ndi ya kunoka kwenikweni. Mu September 2015 Hyundai inaitanitsa ma Sonata pafupifupi 470,000 ku America. Kufakitale yawo ya ku Alabama, posula chitsulo chachikulu chozungulira m'mimba mwa injini, chija amati kirankishafuti, tizidutswa tachitsulo tinkatsalira m'tinjira ta oyilo. Oyilo sankafika mokwanira m'mabering'i, injini inkayamba kugogoda, kenako n'kuuma gwa galimoto ili paliwiro. Mwini wake ngakhale akanasintha oyilo mwezi ndi mwezi, tizitsuloto tinali m'katimo kuyambira tsiku loyamba. Injiniya wina wa kampaniyo, a Kim Gwang-ho, anaona kuti magalimoto okhudzidwa ndi ochuluka kuposa amene alengezedwa, ndipo mu 2016 anapita ku Washington kukaulula kwa akuluakulu oona za chitetezo cha pamsewu. Mu 2017 makampani awiriwa anaitanitsa magalimoto ena oposa miliyoni imodzi. Mu November 2020 anapatsidwa chilango chokwana madola 210 miliyoni chifukwa chozengereza, ndipo chaka chotsatira a Kim analandira madola oposa 24 miliyoni monga mphotho yawo.

Koma mumvetsetse mbali iyi. Ngakhale kampani inali itavomera kulakwa, wobwera ndi injini yakufa ankatha kufunsidwa kuti mapepala a sevisi ali kuti. Amene injini yake inapezeka ndi oyilo wolimba ngati phala la dzulo, alibenso lisiti loonetsa kuti ankaisamala, kampani inali ndi mpata womukana ponena kuti anaitayirira yekha. Amene anaitanidwa kuti akamuikire pulogalamu yatsopano ya kompyuta yomvera kugogoda kwa injini, iye osapita, nayenso ankadzitsekera yekha khomo. Ndipo tisayese kuti Toyota, imene ife timalumbirira, ilibe zake. Mu 2024 inaitanitsa magalimoto pafupifupi 102,000 a Tundra ndi Lexus LX ku America pa vuto lofanana ndi ili, tizitsulo totsalira m'injini, ndipo inalengeza kuti ichotsa injinizo n'kuika zina.

Tibwerere kwathu. Magalimoto ambiri amene amaima pa Chezi sanagulidwe atsopano. Sienta, Probox, Vitz, Passo, Nissan Note, Honda Freed, Mazda Demio, onsewa anayamba ayenda zaka ku Japan, n'kugulitsidwa pa okishoni. Kampani yotumiza kunja monga Be Forward kapena SBT inaika chithunzi pa intaneti, sitima inatsitsa pa doko la Dar es Salaam, dalaivala waganyu anaithamangitsa mpaka pa Songwe, a MRA anadula msonkho, kenako inagulitsidwa mu Lilongwe, mwina kawiri kapena katatu isanafike kwa mwini wake wa lero. Buku la sevisi linatsala kutsidya kwa nyanja, kapena lili m'kabokosi ka kutsogolo koma palibe amene angawerenge. Galimoto ikafufutidwa m'kaundula wa ku Japan kuti ipite kunja, kalata yoitanitsa ilibenso kolowera. Amene anaipanga sakudziwa kuti ikunyamula tomato ndi anyezi pa msewu wa Lumbadzi–Dowa–Chezi, ndipo alibe chomukakamiza kuti afufuze.

Ndipatuke pang'ono kuchoka painjini, chifukwa ichi chikukhudza moyo. Munamva za matumba a mpweya otchinjiriza pangozi, ma airbag aja, a kampani ya Takata. Mankhwala ophulitsa thumbalo anali ammonium nitrate, wachibale wa feteleza wa CAN amene timathira m'chimanga. Mankhwalawa akakhala zaka pamalo otentha ndi achinyezi amasintha, ndipo pangozi thumba limaphulika mwamphamvu n'kuponya zidutswa zachitsulo kumaso kwa dalaivala. Anthu anafa nazo m'maiko angapo, magalimoto mamiliyoni ambirimbiri anaitanitsidwa padziko lonse, ndipo Takata inagwa mu June 2017. Ku Japan kuyambira May 2018 magalimoto ena amene sanakonzedwe vutoli saloledwa kudutsa pamayeso a boma. Kuno pa COF timayang'anidwa mabuleki, magetsi ndi matayala, za thumbali palibe wofunsa. Pomwe kutentha ndi chinyezi, inu a ku Salima ndi ku Nkhotakota mukudziwa bwino, ndi za kwathu.

Ndiye tichite chiyani? Choyamba sichilira ndalama zoposa bandulo ya intaneti. Tengani blue book muone nambala ya chesisi, muifananize ndi imene yadindidwa pakachitsulo m'boneti kapena pamphuthu ya chitseko. Pa magalimoto a msika wa ku Japan imayamba ndi zilembo ndi manambala, monga NCP81 pa Sienta zakale zija, kenako kamzere, kenako manambala ena. Toyota, Nissan, Honda, Mazda ndi Suzuki onse ali ndi masamba awo a ku Japan pomwe mumalemba nambalayo n'kuona ngati galimoto yanu inaitanidwapo. Masambawo ali m'Chijapani, koma mafoni a masiku ano amamasulira, ndipo mwana wa sekondale pakhomo panu akuthandizani mosavuta. Magalimoto ochokera ku South Africa kapena ku Britain ali ndi nambala yaitali ya zilembo ndi manambala 17, imene ogulitsa ovomerezeka angathe kuifufuza pakompyuta yawo. Chimene chatuluka muchijambule ndi kuchisunga. Ndipo nthawi yabwino yochitira izi ndi musanapereke ndalama zogulira. Safunsa adadya phula.

Mukapeza kuti galimoto yanu ili pamndandanda, pitani kwa ogulitsa ovomerezeka a mtunduwo ku Lilongwe kapena ku Blantyre injini ikadali ndi moyo. Ndinene mosapsatira: akhoza kukuthandizani, akhozanso kukuuzani kuti galimotoyi sinadzere kwa ife, ndi ya msika wina, zipangizo zake tilibe. Yankho lililonse limene apereke, pemphani mwaulemu kuti alilembe. Inunso pempho lanu likhale lolemba, makope awiri, imodzi asaine ndi kudinda tsiku, mubwerere nayo. Amalawi timakonda kumalizira nkhani pakamwa, "abwana anati tibwerenso mwezi wamawa", koma mwezi wamawa abwanawo amakhala atasamutsidwa. Injini ikadzafa m'tsogolo, pepala lija ndilo lidzanena kuti munabwera nthawi ikadalipo, iwo n'kukubwezani.

Tsiku limene injini yafa ndilo tsiku limene ambiri timaluza mlandu tisanauyambe. Muvi wa kutentha ukakwera kapena nyali ya oyilo ikayaka, mtima umati tikakamize pang'ono, tikafike kaye pa Chezi tikatsitse anthu. Makilomita atatu amenewo ndi okwanira kusandutsa vuto la paipi kukhala maliro a injini, ndipo makompyuta a m'magalimoto a masiku ano amasunga zizindikiro za vuto, moti kampani ikhoza kuona kuti munachenjezedwa. Galimoto ikaima timaimbira makaniko wathu, amabwera pa kabaza ndi thumba la masipanala, n'kuyamba kumasula pansi pa mtengo pomwepo. Pofika madzulo mutu wa injini uli apa, mapisitoni ali apo, gasiketi yopsa yaponyedwa kutchire, oyilo wamwedwa ndi dothi, batire lachotsedwa. Sindikunyoza amakaniko athu ayi, popanda iwo dziko lino bwenzi likuyenda pansi. Koma ngati galimotoyo ili pamndandanda wa kampani, umboni wanu wonse wathera pansi pa mtengo paja. Kampani idzangoti injiniyi inagwiridwa ndi anthu ena, ife sitingadziwe chimene chinayamba.

Choncho imani pomwepo, zimitsani. Jambulani dashibodi nyali zikadayaka, jambulani makilomita, jambulani pansi pomwe patayikira madzi kapena oyilo. Galimoto ikokedwe, ndipo oyamba kuitsegula akhale a galaja ya kampani, kapena galaja ina yodziwika imene ingalembe lipoti papepala la dzina lake. Muwauze asanayambe kuti zipangizo zonse zochotsedwa ndi zanu, ndipo oyilo pang'ono asungidwe m'botolo. Lipotilo lisangoti injini yanoka, zimenezo ngakhale wogulitsa chimanga chootcha pamsewu waziona. Linene chimene chinayamba kulephera, mmene chinaonongera zinazo, ndi kuti chikugwirizana ndi vuto limene kampani inalengeza pansi pa nambala yakuti. Ngati munakonzetsa kale ndi ndalama zanu kampani isanalengeze, malisiti musataye. Ku America lamulo limakakamiza kampani kubweza ndalama zotere, ndipo kwina kulikonse pempho lokhala ndi lisiti limamveka kusiyana ndi la pakamwa.

Tsopano ndiloleni ndikhudze pachilonda, abale anga a pasiteji. Zina mwa zimene timachita zimapatsa kampani chothawira. Galimoto ikangofika kuchokera ku Dar, ambiri timachotsa thermostat, ati ndi ya kumaiko ozizira. M'ladiyeta timathira madzi a pamjigo m'malo mwa mankhwala ake oziziritsira, dzimbiri n'kumadya m'kati mwakachetechete. Oyilo timagula wa m'mabotolo opanda dzina. Mafuta akasowa pamafilingi siteshoni, monga zakhala zikuchitikira kawirikawiri zaka zino, timagula a m'zigubu osadziwa chimene asakanizamo. Sienta ya anthu 7 timaikamo 12, kumbuyo matumba a chimanga, n'kuiuza kuti ikwere ku Mvera. Nyali yochenjeza ikavuta timamata kapepala kuti isatisowetse mtendere. Ndikudziwa kuti zambiri mwa izi ndi umphawi, osati kupusa. Dalaivala amene abwana akufuna ndalama yawo ya tsiku madzulo aliwonse alibe mpata wosankha. Koma injiniya wa kampani akadzatsegula n'kupeza thermostat mulibe, sadzafunsa za umphawi wathu, adzangotseka faelo.

Chinthu chotchipa chimene chingakuimireni ndi kope ya sukulu. Lembani tsiku, makilomita, mtundu wa oyilo, fyuluta, ndi dzina la galaja nthawi iliyonse mwachita sevisi, makaniko asaine, lisiti la sitolo mumatepo. Si buku la kampani, koma likusiyana kutali ndi kufika manjamanja. Ndipo inu eni magalimoto, musanadule malipiro a dalaivala kapena kumulanda makiyi chifukwa injini yafa m'manja mwake, yambani mwafufuza nambala ya chesisi. Pali anyamata amene anataya ntchito ndi mbiri yabwino pa cholakwa chimene chinachitika iwo ali ku pulayimale.

Nanga malamulo athu akuti chiyani? Tili ndi lamulo la kugulitsa katundu, Sale of Goods Act, limene limafuna kuti katundu wogulitsidwa ndi wamalonda akhale woyenera ntchito yake. Tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003. Tili ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, limene limalandira madandaulo a ogula, ndipo lamulo latsopano limene linayamba kugwira ntchito mu July 2024 linalipatsa mphamvu zolipitsa kampani chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zimene imapanga pachaka. Kulembera bungweli sikulira loya: kalata yofotokoza zimene zinachitika, makope a mapepala anu, ndi yankho limene kampani inakupatsani. Bungwe la CAMA nalo limalankhulira ogula. Ndipo ambiri sadziwa kuti bungwe la COMESA loona za mpikisano pamalonda ndi kuteteza ogula m'maiko onse a mgwirizanowu likulu lake lili konkuno ku Lilongwe, ndipo limatulutsa machenjezo a katundu woitanitsidwa.

Komabe sindikufuna kukunamizani. Malamulo athu amagwira msanga munthu amene ali kuno, amene anakugulitsani. Ngati munaitanitsa nokha pa intaneti galimoto ya zaka 15, yoyenda makilomita osadziwika bwino, mwayi woti kampani ya ku Japan ikugulireni injini ndi wochepa kwambiri. Chimene mungapeze ndi kusinthiridwa kachipangizo koipako injini isanafe, ndipo chimenecho chokha si chaching'ono. Amene ali ndi mlandu wolimba ndi ogula magalimoto atsopano kwa ogulitsa ovomerezeka: maboma aang'ono, zipatala, mamishoni, mabungwe, maesiteti. Apa ndiye pamandikhudza monga wokhoma msonkho. Ambulansi ya boma ikafa injini ikadali yatsopano, funso loyamba la oyang'anira magalimoto kukhonsolo liyenera kukhala lakuti kodi waranti inatha, kodi mtunduwu unaitanitsidwapo, asanalembe pepala lopempha ndalama za injini ina. Ikangokankhidwira kuseri kwa chipatala n'kukhazikidwa pamiyala, amene alipire ndi mayi woyembekezera wa kumudzi amene adzasowe chokwera usiku.

Kwa inu amene mukutimvera pa intaneti muli ku Joni, dziwani kuti kumeneko muli ndi pogwira. Lamulo lawo loteteza ogula la 2008 limapereka miyezi isanu ndi umodzi yobwezera katundu wopezeka ndi chilema amene mwagula kwa wamalonda, kuti akonzedwe, asinthidwe kapena akubwezereni ndalama. Kulinso ofesi ya Motor Industry Ombudsman yomva madandaulo a magalimoto. Ndipo mukamagula galimoto yoti mutumize kumudzi, ipititseni kaye kugalaja ya kampani akafufuze nambala yake ndi kukonza zonse zimene inaitanidwira isanaoloke pa Mwanza kapena pa Dedza. Ikaoloka, njira yobwererera kugalajako yatalika ndi maiko awiri.

Koma ntchito yaikulu si ya dalaivala mmodzimmodzi, ndi ya boma. Nambala ya chesisi ya galimoto iliyonse yolowa m'dziko muno imadutsa m'manja mwa MRA pachipata. Nambala yomweyo ili m'makompyuta a MalTIS ku Road Traffic, pamodzi ndi dzina la mwini wake. Mindandanda ya magalimoto oitanitsidwa ku Japan si yachinsinsi, ili poyera. Chikusowa ndi munthu wokhala pansi n'kuika ziwirizi pamodzi, kuti mwini galimoto azimva pa COF kapena kudzera pa uthenga wa pafoni kuti galimoto yake ili ndi vuto la kufakitale. Chachiwiri, makampani amene akupeza phindu potigulitsa magalimoto atsopano ndi masipeya a mitundu imeneyi auzidwe poyera udindo wawo pa magalimoto a mtundu wawo amene analowa kudzera njira zina. Dzina lili paboneti ndi lomwelo. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, injini yakale yochokera ku Dubai kapena ku Japan yafika pamtengo woti mabanja ambiri sangaufikire, ndipo iliyonse imene tagula chifukwa cha cholakwa cha fakitale ndi madola amene dziko latulutsa pachabe.

Podikira bomalo, inu a makomiti a pasiteji pa Chezi, pa Mvera, ku Dowa boma, ku Mponela ndi ku Ntchisi, muli kale ndi kaundula wa magalimoto anu ndipo mumasonkha ndalama za maliro ndi za matenda. Onjezani mzere umodzi m'bukumo, wa nambala ya chesisi. Pezani wachinyamata wodziwa foni afufuze onse tsiku limodzi. Amene apezeke pamndandanda alembe kalata imodzi, asaine onse, ipite kwa ogulitsa ovomerezeka, kope yake ku CFTC. Kalata ya munthu mmodzi imaiwalika m'dirowa, ya anthu makumi atatu imavuta kuibisa. Yambani sabata ino, injini zikadali kulira.

Muyende bwino pamsewu.